Wakhumi pa Maliro a Nissim

Amnon anawerenganso amuna m'chipindamo ndi maso okha, poti anthu sawerengedwa ndi chala. Asanu ndi anayi. Pemphero la ana amasiye silinenedwa popanda amuna khumi, ndipo dzuwa linali litapendeka kale.

Mlongo wake Tikva anali pampando waufupi, bulauzi atang'amba pachifuwa monga mwa mwambo wa Chiyuda. Linali tsiku lachitatu akulira bambo awo, a Nissim, kalipentala wa m'tauni ya Ramla, ndipo opepesa ankabwera mwa apo ndi apo. Munthu akalephera kubweza ngongole khoti limafafaniza zotsala, koma anansi alibe chofufutira.

Pakhomo panatulukira a Buzaglo, ogulitsa matabwa. Tikva anawazindikira nthawi yomweyo. Ankawakumbukira pa tsiku la chigamulo, atamva kuti pa mashekele zana alionse a ngongole imene bambo ake anali nayo kwa iwo alandirapo asanu ndi awiri okha, akulavula pamasitepe a khoti.

A Buzaglo anakhala pansi osanena kanthu, poti mlendo sayamba kulankhula anamfedwa asanatsegule pakamwa.

"Fisi wamva fungo," ananong'ona Amnon. "Ndiwatulutse?"

"Wakhumi ukamtola kuti, achimwene? Pa siteji ya basi?" anamuyankha Tikva.

Kenaka anatembenukira kwa mlendoyo. "A Buzaglo, ngati n'zandalama, woweruza anatseka nkhaniyo. Bambo anapereka mwezi ndi mwezi zaka zinayi, oletsedwa ngakhale kutuluka m'dziko kukaona mdzukulu."

"Ndikudziwa, mwanawe. Pepalalo ndili nalo." Mkuluyo ankayang'ana zikhatho zake. "Chitatha chigamulo anabwera kusitolo kwanga, ine n'kumuthamangitsa. Lachisanu lotsatira uyu wabweranso, watenga tsache, wayamba kusesa utuchi. Ndinati, 'Nissim, lamulo lakumasula, dzipita.' Iye akuti, 'Kodi matabwa ako anatenga ndi woweruza? Ndinatenga ndine.' Zaka zitatu, Lachisanu lililonse. Wamakani ngati bulu, bambo wanuyo."

Tikva anagwidwa manyazi. Zaka zonsezo ankawazazira bambo ake kuti amakataya nthawi ku makadi, iwo n'kumangomwetulira.

Amnon anaimirira osayang'ana munthu. Anatenga buku la mapemphero la bambo ake pashelefu, n'kulipereka kwa a Buzaglo ndi manja awiri. Mkuluyo atalitsegula, m'kati mwa masamba munagwa utuchi. Sanausase pamaondo pake.