Kathirakitala ka a Merv

Chaka chimene adokotala anawaletsa kuyendetsa galimoto chifukwa cha maso, a Merv Tolhurst anapita kuseri kwa shedi yawo n'kukavundukula lona limene linaphimba kathirakitala kotchetchera udzu. Anakagula kalekale, mayi a kunyumba akadali moyo. Tsopano matayala anali ataphwa, mpando makoswe atauboola, ndipo mavu anali atamata dothi lawo pa injini.

"Pamsewu andiletsa, koma pamunda panga palibe wapolisi," anauza a Clarrie, mnansi wawo, amene anali atatsamira mpanda wawaya n'kumaonerera.

"Chitsulo chimenecho n'chakudzala, aise. Gulani chatsopano cha batire, chosasokosa."

"Batire? Ine ndi ukalamba wangawu ndikakhale pamwamba pa tochi?"

Munali mu Okutobala. Mvula inali itagwa bwino, udzu wozungulira nyumba utafika m'maondo. Aliyense m'dera la tirigulo amadziwa kuti dzuwa la Disembala likauumitsa udzu wotero, moto wolusa ukabwera sufunsa kuti nyumbayi ndi ya yani. A Merv anazimitsako moto wa anthu ena zaka zambiri, ndipo sankafuna kuti anyamata ozimitsa moto a masiku ano adzathamangire kwawo.

Anayamba ntchito mosapupuluma. Kabuleta, kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya, anaimasula n'kuiviika mu petulo m'chitini cha mabisiketi. Mabawuti ankawasanja m'thireyi ya mazira kuti asasokonekere. Maso awo ankaona za m'mbali zokha, pakati pali ngati chifunga, choncho zala ndi zimene zinkawauza pamene dzimbiri latha ndi pamene mpeni wanoleka. Anapaka penti yofiira, ina n'kudonthera pamsana pa galu wawo. Chinawakanika ndi chimodzi: lamba wozunguza mipeni, yemwe amadutsa mokhotakhota kunsi kwa makinawo, kumene zala zokha sizikanatha.

Loweruka masana anadzidzimuka atamva chitseko cha galimoto chikutsekedwa kumbuyo kwawo. Ngakhale galu sanauwe. Anali Bronwyn, mwana wawo wamkazi, namwino wa mumzinda wa Melbourne, ataima pambali pa galimoto yoyera yachilendo.

"Galimoto yanji yofika ngati wakuba?"

"Ndi yamagetsi, adadi. Moni kaye."

Anakumbatirana, koma mkuluyo maso ali pa galimoto. Anaizungulira, kugogoda apa ndi apo ngati akusankha chivwende.

"Ikakuthera moto pakati pa minda utani? Ukapempha magetsi m'chigubu? Nanga batire lake likakalamba amakalitaya kwa ndani? Ndamva kuti zikayaka, ozimitsa moto amangoima poteropo manja ali m'thumba."

"Mwamva kuti zimenezo? Kumowa?"

"Kumowa kumapitanso anthu anzeru, iwe."

Bronwyn anaseka, kenako anakanda m'mutu. Anaulula kuti potchajira galimoto pa tauni yaing'ono ya pafupi anapeza pali pakufa, ndipo moto wotsala sukanamufikitsa ku Melbourne mawa lake monga anakonzera. Anafunika kulumikiza chingwe pakhoma la mushedi, ndipo pamenepo galimoto imadzaza pang'onopang'ono, mwina mpaka Lachiwiri.

A Merv anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye imayamwa ngati mwanankhosa wamasiye pabotolo! Lumikiza, mwana wanga, magetsi ngaulere kwa alendo." Anapita kukatereka madzi a tiyi akuimba kamluzu. Panali patapita nthawi yaitali mwanayo asanagone pakhomopo masiku opitirira limodzi.

Komabe mtima wawo sunakhazikike. Bronwyn ankayang'ana kwambiri: mbale zosatsukika bwino, mkaka wowawasa mufiriji, makalata osatsegula. Iwo ankaona kuti mwanayo ali ndi mawu amene akuwasunga m'kamwa, ndipo ankaganiza kuti akuwadziwa mawuwo. Mnzawo wina ana ake anabwera chonchi, mwaulemu, n'kukamusiya kunyumba yosungira nkhalamba.

Lamulungu Bronwyn anavala ovolosi yakale ya bambo ake n'kugona chagada pansi pa kathirakitala. Mkuluyo anakhala pa ndowa n'kumalongosola njira ya lamba kuchokera m'mutu.

"Udutsitse kumanzere kwa kawilo kakang'onoko. Ayi, kumanzere kwako, osati kwanga."

"Adadi, pano pali sipuling'i yothyoka. Ngakhale tivutike bwanji, lambayu sangakungike."

Panalibe kuchitira mwina. Lolemba m'mawa anayenera kupita kusitolo ya zitsulo ku tauni, ndipo galimoto inalipo ndi imodzi yomweyo. A Merv analowa ngati akulowa m'chipinda cha dokotala wa mano, chipewa chili pamaondo.

"Wailiza kale?"

"Tikuyenda kale, adadi."

Anadutsa pakati pa minda ya tirigu wobiriwira. Zaka zometa nkhosa ndi makina zinawaononga makutu a Merv, moti m'galimoto yawo yakale munthu ankachita kukuwa kuti amve. Muno ankamva timiyala tikuthetheka kunsi kwa matayala. Anamvanso mwana wawo akupuma mozama asanalankhule.

"Ine ndi Graeme tinasiyana, banja linatha. Papita miyezi tsopano. Sitinamenyane, sitinatukwanane, zinangotha basi."

Mkuluyo anatembenuza chipewa chake.

"Kuchipatala cha ku Horsham, pafupi pompa, akufuna anamwino, ndipo andilonjeza malo. Ndimati ndikupempheni ngati ndingadzakhale kunyumba kuno, mpaka nditapeza poyambira."

Anayenda kamtunda ndithu. A Merv ankayang'ana kunja, kumene mitengo ya bulugama inkadutsa m'mbali mwa diso lawo.

"Ine ndimayesa wabwera kudzanditenga, ukanditule kwa nkhalamba zinzanga."

"Inu? Angakubwezeni tsiku lomwelo. Mungawamasulire mawilo a njinga zawo zonse za olumala zija."

Mkuluyo anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. Ankafuna kunena zambiri za Graeme, koma anaona kuti si tsiku lake.

"M'chipinda mwako muli matumba a chakudya cha galu ndi pampu yakufa. Tichotsa. Koma chigalimoto chakochi uziimika kutali ndi shedi ya udzu wouma. Sindinachikhulupirire ayi."

"Chabwino, adadi."

"Ndipo ukadzafuna kukoka ngolo ya nkhosa, usadzandilirire."

Sipuling'i anaipeza, n'kugulanso mapayi a nyama awiri amene anadyera m'galimoto momwemo. Atabwerera, Bronwyn analowanso pansi, ndipo lamba anakungika bwinobwino. A Merv anathira petulo, nakwera pampando umene anausoka ndi chikopa cha chishalo chakale, n'kupotokola kiyi. Injini inatsokomola, n'kuzima. Anayesanso. Inatsokomolanso, kenako inabangula, utsi wakuda uli tolotolo, zinkhwe zoyera n'kubalalika m'mitengo zikulalata.

Mzere woyamba unatuluka wokhota ngati njira ya munthu woledzera, ndipo anatsala pang'ono kugunda thanki ya madzi. Anaima, nkhope itagwa. Bronwyn anathamangira m'nyumba, n'kutuluka atavala jekete yachikasu yowala imene bambo ake ankavala kozimitsa moto. Anakaima kumapeto kwa bwalo, manja ali m'mwamba.

"Lunjikani kwa ine!" anakuwa.

Mawuwo sanawamve, koma chikasucho anachiona. Analunjika komweko, fungo la udzu wodulidwa kumene likukwera, galu akuthamanga pambali. Akafika pafupi, Bronwyn ankasuntha pang'ono n'kuthamangira kumapeto enawo. Anatchetcha chomwecho mpaka kufika kumpanda wa kumsewu, ndipo dzuwa litapendeka anazimitsa injini n'kukakhala pakhonde, nsapato atavula, akukambirana za penti yoti apake m'chipinda chija.