Dzina la Hazel Lamera Michira

Njovu zitayamba kulawa chimanga ku Chikwa, Bornwell, wapampando wa komiti yoteteza minda, anapita ku boma la Chama kukasindikiza chidziwitso: aliyense abwere Loweruka ndi tsabola, nsanza ndi oyilo wakuda, amange mpanda wonunkha woingitsa njovu.

Wosindikizayo, Gordon, anali atangotulukira mu kompyuta zilembo zatsopano, zoonda ngati ulusi, zolumikizana, chilichonse ndi mchira wake wopindika. Zinali zitamulowa m'magazi munthuyu. Ngakhale mtengo wa kapenta akanaulemba nazo.

"Izi ndiye za manje, mudala," anatero Gordon. "Na njovu izapatsa ulemu."

Tsono ku Chikwa zilembo zoterezi ntchito yake ndi imodzi basi, makhadi a ukwati. Ndani angaime padzuwa kumatsinzinira timaulusi? Anthu anangoona michira, naona maina awiri akuluakulu m'munsi: Bornwell ndi Hazel, mlembi wa komiti. Tsoka lake, Bornwell anali ndi mkazi kale, Purity, ndipo pepalalo analikhoma yekha pamtengo wa pamjigo pomwe mkaziyo amatunga madzi.

Loweruka kunasonkhana khamu lomwe komiti sinalionepo chiyambire. Wobweretsa tsabola panalibe ndi mmodzi yemwe. Kunali nkhuku, mabeseni, kwaya ya amayi, ndi amalume ake a Hazel atavala jekete, akufunsa kuti mkamwini wolowera pazenera ameneyu ndi uti. Bornwell anakwera pachulu kufuula za njovu, amayi n'kumuyankha ndi nthungululu. Hazel anathawira m'chimanga, poona kuti bola njovu.

Apo m'pamene wina anamunong'oneza Bornwell kuti kunyumba kwake mapoto akutuluka. Mantha anamugwira. Anazula pepala lija pamtengo, liwiro la mtondo wadooka, nakapeza Purity akumanga zovala m'chitenje.

"Amake Sunday, mvelani! Ni nkhani ya njovu chabe. Werengani mweka!" Mwamuna wamkulu, wapampando wathunthu, anagwada pafumbi atatukula pepala ndi manja awiri.

"Ninawerenga kudala," anatero Purity, akukoka mfundo ndi mano. "Niziba ni za njovu. Sindine mbuli ine."

"Manje muyenda kuti?"

"Atate ake Sunday, pa ukwati wathu zina langa munalemba na makala pa katoni ya sopo. Sininakambe kanthu, ninati ndiye mwamene mukwanisira. Lelo uyu Hazel, pa nkhani ya tsabola chabe, mwamupatsa michira."

Bornwell anayang'ana pepala lija kufuna potsutsira. H wa Hazel anali wokongoladi, mchira wake utapinda mwaulemu mpaka kukakola B wa dzina lake. Anayesa kuuphimba ndi chala. Purity anasenza mtolo wake, namulambalala ali chigwadire, nalunjika njira ya kwawo ku Kambombo.