Bondo la Alufeo

A dokotala Gerevazio anakhala kunja zaka zisanu ndi ziwiri akuphunzira chinthu chimodzi: mawondo a osewera mpira. Atabwerako, akuluakulu achipani anaona kuti makalata akunja akuwachulukira, ndiye anawaponya ku kachipatala kamishoni kumapiri a ku Lobi, kumene mawondo amatha ndi kugwada m'tchalitchi ndi kusenza matumba a kachewere.

Analibe wocheza naye. Akayamba kufotokoza za mitsempha, anamwino ankangoti "zoona, adokotala," maso ali pawotchi. Mnzawo anali bondo lapulasitiki limene anabwera nalo m'sutikesi.

Tsiku lina anthu anabweretsa pamachira Alufeo, mphunzitsi amene ankagoletsera timu ya m'deralo. Mtsempha wa m'bondo unali utaduka. A Gerevazio, Mulungu awakhululukire, anakondwa. Anausoka mwa njira imene anaifufuza okha kunja kuja, naika chikhakha. Likakana bondolo, Alufeo adzatsimphina moyo wonse, ndipo zaka zija zidzakhala zapita pachabe.

Patatha milungu itatu anapeza chikhakha chitabooledwa. A Marita, mayi ake a Alufeo, anali atatsegula kazenera ndi mpeni natemera mphini.

"Mayi, mukadaononga mwendowu!"

"Pepani adokotala. Inu mudasoka m'katimo, koma kunjaku mudasiya poyera. Mwana wogoletsa zigoli sasowa adani."

A Gerevazio anatsuka mabalawo akung'ung'udza. Kenako anayamba kumuyendetsa Alufeo pang'onopang'ono, miyezi isanu ndi itatu yathunthu.

Pa 6 Julaye, tsiku la ufulu, panali mpira. A Gerevazio anaima kuseri kwa golo, mphepo ikuwalasa m'makutu, maso osati pampira koma pabondo. Alufeo anaponda ndi mwendo womwe uja, anatembenukira pomwepo, naumenya mpirawo. Chigoli!

Anthu anathamangira a Marita n'kuwanyamula m'mwamba, nthungululu kuti wee. "Mphini za a Marita!" Alufeo nayenso anathamangira komweko. Amene anafika kwa adokotala anali wapampando wachipani yekha, kudzafunsa ngati khadi lachipani anali nalo.

Zinawapweteka, tisabise. Anakwera chitunda okha kubwerera kunyumba. Anatenga pepala kuti alembere mphunzitsi wawo wakunja, koma atakumbukira amene adzayambe kuwerenga kalatayo, analibweza m'kabati. Anatola bondo lapulasitiki lija patebulo, nalipinda, naliwongola.

"Lagwira, mnzanga," anatero. "Lagwira ndithu."