Atachira Ndiye Anandikana

Chibwenzi changa, wometa uja wa pafupi ndi siteji, anayamba kudwala chaka chatha. Ankati pali anthu amene akumuzonda kudzera m'magalasi a mu shopu mwake, mpaka anawamata onse ndi nyuzipepala. Kuchipatala anati ndi matenda a maganizo, koma poti angoyamba kumene, mankhwala athandiza. Anathandizadi. Itatha miyezi itatu mawu a anthu osaoneka amene ankawamva m'mutu anasiya, anayamba kugona bwino, kusamba popanda womuuza.

Amayi ake chimwemwe chinali chodzadza tsaya. "Mwana wanga wabwerera," ankatero. "Waona mmene wafatsira?" Ine ndinali nditayamba kale kusankha diresi la ukwati m'mutu mwanga.

Lachiwiri m'mawa anandiitana ku shopu. Ndinamupeza wamatula nyuzipepala zonse, akupukuta magalasi ndi kansanza. Makina ometera, zipeso ndi sizasi anali atalongedza m'katoni.

"Tikusamuka?" ndinafunsa.

"Ndikumupatsa msuweni wanga. Ali nalo dzanja."

"Ndiye iwe uzimeta anthu ndi mano?"

Sanaseke. "Takhala pansi. Ndaganiza kuti tisiyane. Upeze munthu wabwinobwino."

Ndinapsa mtima. "Ndi ndani? Wogulitsa mayunitsi uja eti? Miyezi itatu ndakhala ndikukuperekeza kuchipatala, lero wachira ndiye wandiona kuipa?"

"Palibe wina." Anapinda kansanza kaja n'kukaika patebulo. "Pamene ndinkadwala sindinkadziwa kuti ndikudwala. Pano ndikukumbukira zonse. Ndinathamangitsa kasitomala nditamumeta mbali imodzi. Ndinawanena amayi kuti akundithirira poizoni. Ndikamadutsa, ana amakodolana. Adokotala akuti zikhoza kudzabweranso. Ndani angapereke mutu wake kwa ine?"

"Ineyo."

"Dzulo ndawapepesa amayi, ndawapepesanso eni nyumba. Watsala ndiwe. Ukandikhululukira ndiye kuti palibenso chotsala."

Ankalankhula modekha, ngati akundiuza nthawi imene basi inyamuke. Ndinayang'ana katoni ija, pansi posesedwa bwino, kiyi wa shopu ali payekha patebulo. Mkwiyo wonse unathera pomwepo.

"Iwe, ukuganiza zodzipha?"

Panja makondakitala ankakuwa kuitanira anthu.

"Kuyambira sabata yatha," anatero. "Usawauze amayi. Waona mmene asangalalira."

"Ndiwauza. Ukwiye ngati ukufuna."

Ndinawaimbira foni amayi ake, dzanja linalo nditagwira malaya ake ngati kuti athawa.

"Mwana iwe, ukuti chiyani?" anatero amayi ake. "Si wachira?"

"Mawu aja asiya, amayi, koma mumtima sali bwino. Tikumane kuchipatala pompano."

Tinakwera basi. Ankangoyang'ana pawindo, ine ndili gwa pambali pake.

Namwino atamva sanadabwe, sanakalipenso. "Mwachita bwino kubwera lero lomwe," anatero. "Ena zimawalemera kwambiri akayamba kuzindikira zimene zawachitikira. Kukhumudwa kumeneku nakonso timathandiza. Adokotala amuona posachedwa, ndipo masiku ano asakhale yekha."

Tinadikira pabenchi. Amayi ake anafika akupuma mwawefuwefu, nsapato zosiyana. Anamugwira mutu, iye n'kuyamba kulira, koyamba chidwalireni.

Namwino atamuitana, anaimirira, anayenda pang'ono, kenako anacheuka.

"Ulowa nawo?" anandifunsa.

"Tsogola," ndinatero.