Wofulatira Bwalo

Kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri, Russ Dombrowski anali asanaonepo ndi maso ake timu ya dziko lake ikugoletsa m'bwalo. Sikuti sankapitako. Ankafika anzake onse asanafike, n'kukwera pansanja yachitsulo ya kuseri kwa golo, chimkuzamawu chili m'manja. Koma ntchito ya woyambitsa nyimbo ili ndi lamulo lake: umafulatira bwalo n'kuyang'ana anthu ako. Ukangocheuka kuti uone mpira, nyimbo imafera pomwepo. Choncho Russ ankawerenga masewero pankhope za anthu. Akaona pakamwa pali yasa, ankadziwa kuti mpira wafika pafupi ndi golo. Akaona manja pamutu, ankadziwa kuti anyamata aphonyanso, ndipo zaka zaposachedwapa manja pamutu ndiye anachuluka.

Mawu ake anayamba kusasa chisanu chikutha. Iye ankati ndi chimfine, mpaka mkazi wake Lorraine anachita kumukokera kuchipatala. Dokotala anapeza khansa pakholingo. Anati Lachinayi likudzali achotsa kholingo lonse, ndipo mawu amene anabadwa nawo sadzawamvanso. Ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika. Mwamwayi wake, Lamlungu masana timu ya dziko inali ndi masewero mumzinda wawo womwewo wa St. Louis. Russ anangoti zikomo, ndatsala ndi tsiku limodzi loimba. Za matendawa sanauze wina aliyense kupatula Lorraine.

Loweruka masana masapota anasonkhana m'bala ya Gus, momwe ankasungiramo ng'oma ndi mbendera zawo. Timu inali itagonja kanayi motsatizana, ndipo anthu anabwera atakwiya kale. Amene anaimirira kulankhula anali Yesenia Villalobos, mtsikana woimba ng'oma yaikulu, yemwe mkati mwa sabata ankaphunzitsa ana mpira papaki ya m'dera lawo.

"Ine ndatopa nako kuombera m'manja anthu oluza," anatero. "Dziko lino mwana akamenya mpira kunja kwa golo timati wayesetsa, timupatse malalanje ndi kachikho. Akula choncho, afika mu timu ya dziko, amwetsedwa zitatu, ife tili kuseri kwa golo kuvina. Kwawo kwa bambo anga osewera akachita zimenezi satuluka m'nyumba sabata yathunthu."

"Nanga kwawo kwa bambo akoko anatengapo chikho chanji?" anafunsa Gus akupukuta matambula. Anthu anaseka, koma Yesenia sanaseke.

"Sekani, a Gus. Ndili ndi ana papaki paja oti mpira amaudziwa kuposa theka la timu imeneyi. Wabwerapo ndani kudzawaona? Amakasankha ana a m'mipanda, oti mayi awo amawaperekeza pagalimoto atawanyamulira madzi ozizira. Ndiye mawa tisaimbe. Wezulo ikangolira, tonse tifulatire bwalo, ng'oma pansi, pakamwa tseke. Pa nthawi yopuma tituluke. Aone kuti ifenso timamva kuwawa."

Russ anawerengera mumtima. Chigawo choyamba chete, chachiwiri kunja. Ndiye kuti panalibe ngakhale nyimbo imodzi yomutsalira. Anaimirira pang'onopang'ono, atagwira mpando.

"Mwana iwe, pamene tinkayamba zimenezi tinalipo anthu makumi atatu m'bwalo la anthu zikwi makumi asanu," anatero ndi mawu ake osasawo. "Kuntchito ankatiseka, amvekere mpira wamiyendo ndi wa atsikana ndi alendo. Kuti tione masewero tinkachita kupempha mwini bala atisinthire kanema mmodzi wa pakona, wopanda mawu. Sitinaimbe chifukwa choti timu inkapambana. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo."

"Madala, ulemu wanu ndimaudziwa," anayankha Yesenia. "Koma mayi akadwala sumuimbira nyimbo, umamutengera kuchipatala. Inuyo timuyi mumaikonda, eya. Koma munaionapo ikusewera? Ife ndi amene timaona manyaziwo. Inu mumangoona ife."

Mawuwo anamulasa Russ, makamaka chifukwa anali oona. Lorraine anamukoka jekete n'kumunong'oneza kuti, "Auzeni, bambo a Dana. Mukangonena, palibe angakukanizeni kuimba."

"Ndiye chifukwa chake sindinena," anayankha chapansipansi. "Akambe za mpira, osati za pakhosi panga."

Mwa mwambo wawo, voti ankaponya pokweza sikafu. Masikafu ofuna kufulatira anadzaza m'mwamba mpaka kubisa magetsi. Okana anali asanu ndi awiri okha, pamodzi ndi a Gus ndi Lorraine. Atamwazikana anthu, Yesenia anabwera pomwe anakhala Russ, wamanyazi pang'ono.

"Madala, chizindikiro mukapereke ndinu. Ine sangandimvere onse, koma inu mukakweza dzanja atembenuka."

Russ akanatha kukana, ndipo mtima wake unkafuna kukana. Koma gulu linali litagamula, ndipo iye mwini ndi amene anawaphunzitsa kuti kuseri kwa golo kulibe zoti aliyense yake yake. Anangogwedeza mutu kuvomera.

Lamlungu kunacha bwino, dzuwa lili phwee. Russ anakwera pansanja monga mwa masiku onse, ndipo chimkuzamawu anachitenga ngakhale ankadziwa kuti chilibe ntchito. Pamaso pake panali nkhope mazana atatu zimene ankazidziwa kuposa abale ake: uyu anakwatira chaka chatha, uyo anaika bambo ake, uyo ankabwera ali pamsana lero ali ndi ndevu. Wezulo inalira. Russ anakweza dzanja n'kulizunguza kamodzi, ndipo anthu onse anatembenuka.

Chimene sanachiganizire ndi ichi: nsanja yake inali pakati pa anthu ndi bwalo. Pofulatira bwalo, anthuwo anafulatira iyeyo. Nkhope zonse zija zinazimirira nthawi imodzi, kunangotsala misana, zipewa ndi madazi. Sanamvepo kusungulumwa kotero chibadwire. Anaima choncho mphindi khumi, osadziwa ngakhale komwe kuli mpira, ngati munthu amene amuzimitsira nyale. Kenako anadzifunsa kuti, kodi ndikulondera chiyani, popeza palibe nyimbo yoti ingafe ndikacheuka? Anaika chimkuzamawu pansi n'kutembenuka.

Choyamba kumudabwitsa chinali kuyandikira kwake. Ukonde wa golo unali pamphuno pake penipeni, ndipo ankamva kupuma kwa goloboyi wa alendo. Chachiwiri chinali kuchepa kwa osewera. Pakanema amaoneka akuluakulu, koma apa anali ana, ena ocheperapo kwa mwana wake Dana. Ndipo Yesenia sananame. Ankasewera ngati anthu ongokumana pabasi, wina kuponya mpira komwe kulibe munthu, wina kuima kudikira. Alendo anagoletsa kugolo lakutali pamphindi ya makumi awiri, mosavuta ngati akuyeserera. Mmodzi wa anyamata a kwawo anakweza maso kuyang'ana kuseri kwa golo, komwe nthawi zonse kunkachokera ng'oma, n'kupeza misana yokhayokha. Anaweramitsa mutu, ndipo Russ anamva chisoni ndi manyazi pamodzi.

Patapita mphindi zina khumi, kamnyamata ka timu ya kwawo kovala nambala 19 kanalandira mpira pakati pa bwalo n'kuutaya mopusa. Bwalo linang'ung'udza. Koma kamnyamatako sikanaime. Kanathamangira amene anakalanda mpira, kanagwa, kanadzuka, n'kuulandanso. Kanadutsa mmodzi, wachiwiri anakakoka jezi koma sikanagwe. Kanafika m'bokosi kakupepesuka, n'kumenya ndi mwendo wamanzere, mpira wosalimba n'komwe. Mpirawo unagunda chitsulo n'kugubuduka pang'onopang'ono kulowa mkati. Russ anamva kaphokoso ka ukonde, kakang'ono, kamene m'zaka zonsezo sankadziwa kuti kaliko.

Anatsegula pakamwa kuti akuwe, koma panangotuluka mpweya. Mbali zina za bwalo zinaphulika ndi chisangalalo. Kuseri kwa golo misana inanjenjemera, ena anagwirana manja, koma palibe anatembenuka. Anali atapangana.

Yesenia anali m'munsi mwa nsanja, ng'oma yake ili pansi. Osacheuka, anapendeketsa mutu n'kufunsa, "Madala, mwaona? Wagoletsa ndani? Chalowa bwanji?"

Russ anagwada pansanja n'kufikitsa pakamwa pakhutu pake. Anamufotokozera zonse monong'ona, kuyambira pomwe mwanayo anataya mpira. Yesenia anauza woyandikana naye, uyo anauza wa kutsogolo kwake, ndipo nkhaniyo inakwera mzere ndi mzere. Russ ankaiona ikuyenda: mutu kuweramira kwa mnzake, mapewa kudzuka, wina kumenya chibakera m'mwamba. Inafika mpaka mzere womaliza, kwa Gus, amene anavula chipewa n'kuchikupiza osatembenuka.

Pa nthawi yopuma anatuluka onse monga anagwirizana. Ali poimika magalimoto anamva kuti alendo agoletsanso, ndipo masewero anadzatha zitatu kwa chimodzi. Mkangano unayambiranso pomwepo, ena akuti mwaona tinachita bwino, ena akuti tawataya ana pa nthawi yomwe amatifuna. Russ anakhala kumbuyo kwa galimoto yake osalowererapo. Yesenia anabwera atanyamula chimkuzamawu chomwe iye anachiiwala pansanja.

"Mwasiya ichi. Koma mawuwa atani, madala? Chimfine chanji chosatha?"

Russ anayang'ana kumbali. Lorraine ndi amene anayankha, ndipo sanazungulire. Ananena za khansa, za Lachinayi, ndi zoti lero linali tsiku lomaliza. Yesenia anakhala pansi pa phula pomwepo, chimkuzamawu chili pamiyendo, misozi ikutsika.

"Bwanji simunanene dzulo? Tikanaimba. Tikanaimba mpaka bwalo kugwa."

"Ukanaimbira ine," anatero Russ movutikira, "ana ako a papaki aja n'kuwaiwala. Unanena zoona dzulo. Timuyi ndi yodwala, ndadzionera ndekha." Anameza malovu, nkhope itakwinyika ndi ululu. "Koma kamwana kaja kanadzuka, Yesenia. Inu nonse simunakaone."

Yesenia anayesa kumubwezera chimkuzamawu, koma Russ anachikankhira kwa iye. Yesenia anachikumbatira. Kenako anapukuta m'maso n'kusendera pafupi.

"Ndifotokozereninso. Pansanja paja sindinamve bwino."

Russ anadziwa kuti akunama, koma anayamba. Anthu ena anasiya mkangano n'kuyandikira, ndipo anachita kuwerama kuti amve, pakuti mawu anali atatsala pang'ono. Atamaliza, Gus anafika mochedwa n'kupempha kuti ayambirenso. Lorraine anafuna kuletsa, koma anadzigwira. Russ anamwa madzi pang'ono, n'kuyambiranso pomwe mwanayo anataya mpira.