Chigamba cha Padenga

Wodula zitsulo anali atakoka kale mabotolo ake a gasi pamene mayi wa kumyuziyamu, nyumba yosungira zinthu zakale, anatsegula kompyuta n'kuiika pa mgolo.

"Ikakwana nthawi ya nkhomaliro ndiyamba kuidula basiyi," anatero wodulayo. "Lole yonyamula zidutswa ikubwera masana, ndipo siidikira munthu."

Basi yosanja ija inali pakona pa yadi, matayala ataphwa, udzu utamera pamasitepe okwerera m'mwamba. A Sipanala anaiyang'ana kamodzi n'kuthawitsa maso. Iwo sanafune n'komwe kubwera kuno. Anachita kukokedwa ndi alamu awo, mlongo wa akazi awo, amene aliyense ankawatchabe Adalaivala ngakhale anasiya chiwongolero zaka makumi anayi zapitazo.

"Inu munali makaniko wa mabasi amenewa, alamu," anatero Adalaivala. "Mukaiona muidziwa ngati mwana wanu."

"Maso anga anatha," anayankha a Sipanala.

"Anatha liti? Dzulo lomweli munaona mtedza wanga uli m'thumba."

Mayi uja sanaseke. Anafotokoza mwachangu kuti kampani yakale ya mabasi, kumene awiriwa ankagwira ntchito, inali ndi mabasi osanja atatu ofanana, awiri anadulidwa kalekale, ndipo imodzi mwa atatuwo inaoneka mu filimu yakale. Myuziyamu inali yokonzeka kuitenga basiyi, koma pokhapokha ikhale yomwe ija ya mu filimu. Vuto linali loti ojambula filimuwo anabisa nambala yake n'kulembapo dzina lopeka.

Mayiyo anayatsa filimuyo pa kompyuta. Zithunzi zinali zakuda ndi zoyera, zonjenjemera. Basi inatulukira pamphambano, kondakitala atalendewera pachitsulo cha kukhomo lakumbuyo, kenaka inayamba kukhota.

"Imitsani pomwepo," anatero Adalaivala, chala chili pagalasi. "Mwachiona icho? Pakona ya denga, kumanzere. Chigamba. Imeneyo ndi basi yanga, mayi, ndipo chigamba chimenecho ndi chomwe chinandichotsetsa ntchito."



Mayi uja anapempha makwerero, nakwera mpaka padenga la basi. Anasisita pakona paja ndi chikhatho, anagogoda, anakanda penti ndi kiyi. Anatsika nkhope itagwa.

"Ndi posalala, bambo. Palibe chigamba."

"Ndiye kuti anasintha lata pambuyo pake. Koma ndi yomweyi, ine ndikuidziwa," anatero Adalaivala.

"Ndikukukhulupirirani. Koma akuluakulu anga safuna mawu, akufuna chinthu choti ndijambule n'kuwatumizira."

Wodula zitsulo anayang'ana wotchi yake, n'kuyamba kumangirira mapaipi ku mabotolo.

Chinthu choti ajambule chinalipo, ndipo pa anthu onse amoyo, a Sipanala okha ndi amene ankadziwa pamene chinali.

Sabata imene chigambacho chinakhomedwa, zaka makumi anayi zapitazo, iwo anali patchuthi. Lamulungu m'mawa analowa m'depoti ndi kiyi wa kugalaja, chifukwa cha chibwana basi, kufuna kumva kukoma koyendetsa chimbasi chachikulu. Anangoyenda mamita ochepa, denga linagunda mtanda wa shedi yotsukira. Tsiku lonse analimbana nalo okha, thukuta lili kamukamu. Kunja anakhomapo chigamba, ndipo mkati, kuti chigwire, anadula chikwangwani cha pakhoma la galaja n'kuchilowetsa kuseri kwa siling'i. Lolemba bwana anachiona chigambacho asanalowe n'komwe mu ofesi. Anatsegula buku, napeza kuti womaliza kuyendetsa basiyo Loweruka anali Adalaivala. Anawachotsa tsiku lomwelo ndi kalata yonena kuti ndi munthu wobisa ngozi, ndipo palibe kampani inawapatsanso chiwongolero. Zaka zawo zonse zamphamvu zinathera pampando wa ulonda, pakhomo pa sitolo ya nsapato.

A Sipanala anabwerera kuntchito sabata yotsatira ngati sadziwa kanthu. Chaka chisanathe anakwatira mlongo wa munthu yemweyo. Manyazi ake ankawadya tsiku ndi tsiku, koma pakamwa anatseka.

"Alamu, mwangoti duu bwanji?" anafunsa Adalaivala. "Ganizani. Palibe china chimene mukukumbukira?"

"Mabasi aja anali ofanana," anatero a Sipanala.

Moto wa gasi unalira, lawi labuluu linatuluka. Wodula zitsulo anatsitsa magalasi ake akuda nalunjika kutsogolo kwa basi. Apo Adalaivala anayenda ndi ndodo yawo, pang'onopang'ono, n'kukaima pakati pa moto ndi basi. Anavula chipewa.

"Mwana wanga, tipatse tsiku limodzi lokha."

"Agogo, chokanipo, mungapse."

"Ine ndilibe chithunzi ndi chimodzi chomwe cha ine ndili pantchito. Zidzukulu zanga zimayesa ndi nthabwala ndikamati ndinayendetsapo basi. Ukaidula iyi, ndidzaziloza chiyani?"

Mkulu wa zaka zonsezi, chipewa m'manja, kupempha mwana wobadwa dzulo. A Sipanala sanathe kupirira.

"Zimitsa motowo," anatero. "Ndibwereke sikuludiraiva."

Anakwera masitepe opapatiza aja, mayi uja pambuyo, Adalaivala akubwera mochedwa, akupumira pa sitepe iliyonse. M'mwamba munali fungo la fumbi ndi nkhunda. A Sipanala sanafufuze. Anapita molunjika pampando wakutsogolo wa kumanzere, anaimirira pamwamba pake, n'kuyamba kumasula siling'i. Zomangira zinali zadzimbiri, ziwiri zinathyoka, ndipo bolodi linagwa ndi fumbi lake.

"Musanayang'ane, mayi, ndikuuzeni," anatero. "Mupeza lata lofiira, lodulidwa mokhota. Pali zilembo zoyera, OSASU, chifukwa chidutswa chotsala cha mawu oti OSASUTA chinatayidwa. Mariveti okhomera chigambacho ndi asanu ndi anayi, limodzi linalowa mopendekeka."

Mayi uja anaunika ndi foni. Anawerenga mariveti chamumtima, milomo ikuyenda, kenaka anayang'ana pa kompyuta pamene panali chigamba cha mu filimu chija.

"Asanu ndi anayi. Malo akenso ndi omwewo," anatero mwachimwemwe. Anajambula kangapo, n'kutsika mothamanga kukaimba foni.

M'mwambamo munatsala anthu awiri. Adalaivala anali atakhala pampando, ndodo pakati pa miyendo, maso ali pa lata lofiira lija.

"Chikwangwani cha m'galaja," anatero. "Chija tinkati chabedwa."

"Inde."

"Inu sabata imeneyo munali patchuthi, alamu."

"Ndinali patchuthi. Ndinabwera Lamulungu. Ndine ndinaigunditsa, ndine ndinakhoma chigamba. Nditamva kuti akuchotsani ndinachita mantha, kenaka ndinayamba kuyenda ndi mlongo wanu, ndiye zinangovutiravutira."

"Zinavutiravutira," anabwereza Adalaivala motsitsa. "Ine ndinakulirirani m'nyumba mwanu za nkhani imeneyi. Munandipatsa mpango wopukutira misozi."

Pansi anamva mayi uja akuuza wodula zitsulo kuti basi isakhudzidwe, galimoto yoikoka ibwera mawa.

"Yapulumuka," anatero a Sipanala.

"Iyo yapulumuka."

Adalaivala anadzuka, nalunjika kumasitepe. Anali otsetsereka, ndipo mwendo wawo wakumanja unali wosadalirika. A Sipanala anatambasula dzanja monga ankachitira nthawi zonse, pa tchalitchi, pa chipatala, paliponse. Adalaivala analiyang'ana dzanjalo, n'kuitana wodula zitsulo kuti adzawatsitse.

Atafika pansi anavala chipewa chawo. Anapita kutsogolo kwa basi, nagwira chitseko cha dalaivala kwa kanthawi, osachitsegula. Kenaka anatembenuka.

"Ine ndidzera kwa mwana wanga, ndikafika kwanu dzuwa likupendeka," anatero. "Ndikapeze mlongo wanga mutamuuza kale nokha."

Anatuluka pageti osacheuka. A Sipanala anabweza sikuludiraiva kwa mwini wake, nauyamba ulendo wa kunyumba wapansi, ngakhale minibasi zinkaima pomwepo.