Zam'kati mwa Kiyi

Anesi anadina kabatani ka pa kiyi katatu, koma galimoto inangoti zii. Anatsekula chitseko pamanja monga ankachitira sabata yonseyo, n'kuyendetsa mpaka kwa mkulu wokonza mawotchi amene ankakhala pakhonde la sitolo ya nsapato.

"Batire latha," anatero akuika kiyi pathebulo. "Kukampani yogulitsa magalimoto akuti ndibwere Lachisanu."

"Kumene kuja kiyi amayamba amugoneka m'wodi masiku atatu," anatero mkuluyo akuseka. "Ine opaleshoni yanga ndi ya mphindi ziwiri, wodwala n'kumapita kwawo."

Analowetsa kampeni mumng'alu, kiyi n'kugawika pakati. Anayang'ana m'katimo, kenako anavala kagalasi kake ka diso limodzi. Kuseka kuja kunatha.

"Amayi, kiyi ameneyu munamutenga kuti?"

"Anabwera ndi galimoto. Bwanji?"

"Chikhokhombe chokha n'chimene chinabwera ndi galimoto. Taonani apa, wina anatokosa ndi sikuludalaivala. Anachotsa zam'kati zenizeni, n'kuikamo zokopera. N'chifukwa chake zikudya batire."

"Nanga zenizenizo zili kuti?"

"Zili ndi munthu amene angatsekule galimoto yanu nthawi iliyonse imene wafuna."

Anesi anagwira m'mphepete mwa thebulo. Panali patatha miyezi iwiri chichokere kwa mwamuna wawo, tsiku limene anawamenyetsa kukhoma mwana wawo wamkazi akuona. Anapeza kanyumba ka lendi kutsidya lina la tauni, osauza aliyense kupatula mng'ono wawo. Galimoto inali ya Anesi, koma kutatsala sabata kuti achoke, bamboyo anaitenga tsiku lonse, ati akukasinthitsa oyilo.

Lolemba m'mawa anapeza mpando wa dalaivala utakankhidwira kumbuyo. Anaganiza kuti ndi mwana. Dzulo lake m'galimotomo munkamveka fungo la fodya, iwo n'kumati mwina lalowera pawindo.

"Ndiikemobe batire?" anafunsa mkuluyo motsitsa mawu.

"Ikanimo."

"Koma batire si mankhwala a vuto lanuli. Akukampani okha ndi amene angafufute kiyi winayo m'galimoto. Musadikire Lachisanu."

Anesi anacheukira kumsewu. Anthu ankangodutsa ndi majumbo awo, ndipo galimoto inali pomwe anaisiya. Anatulutsa foni n'kuimbira aphunzitsi a mwana wawo.

"Aphunzitsi, ndine mayi ake a kamtsikana kovala magalasi kaja. Lero musamupereke kwa munthu aliyense. Ndibwera ndekha."

Aphunzitsiwo anayankha kuti:

"Mwachita bwino kuimba, amayi. Bambo ake ali pageti pano. Akuti mwawatuma chifukwa galimoto yanu yavuta kiyi."

Ndiye kuti bamboyo ankawazembera masiku onsewa. Za kiyiyo Anesi sanauzepo munthu kupatula akukampani ndi mkuluyu, ngakhale mng'ono wawo sankadziwa.

"Sindinatume munthu. Mugwireni dzanja mwanayo, mulowe naye mu ofesi ya ahedi, mutseke chitseko. Ndikuimbira apolisi, ndipo ndikubwera."

Mkulu wa mawotchi anali atatseka kale kiyi uja. Anawapatsa, koma Anesi anamubwezera pathebulo.

"Musungeni, achimwene. Galimotoyo isachoke pamenepo mpaka apolisi aione."

Anathamangira kumsewu, nabaya takisi yoyamba imene inatulukira pakona.